Funsani Mmisiri: Ampu Yanga Yamavalavu Ikulira Yokha

FUNSO

Bambo mmisiri, ine ndimaimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Kapata muno mu Chipata. Ndinadzipangira ndekha ampu yaing'ono yamavalavu potsatira pulani ya ampu yakale ya Fender Champ. Mavalavu ake ndi atatu: 12AX7 mmodzi, 6V6 mmodzi ndi 5Y3. Zipangizo anandibweretsera ndi mlamu wanga wa ku Johannesburg. Gitala ikumveka bwino, koma ndikangoyatsa, sipika imayamba "hmmm" ngakhale volyumu ili pansi penipeni. Ndikakweza kupitirira theka imayamba kuimba likhweru. Ndagula kale 6V6 wina koma palibe chasintha. Kodi ndisinthe thiransifoma?

Woimba gitala, Kapata

YANKHO

Achimwene, thiransifomayo isiyeni kaye, ndalama yanu isungeni. Ampu yoti ikutulutsa mawu a gitala bwinobwino nthawi zambiri zipangizo zake zimakhala zabwino, chimene chimavuta ndi mmene mawaya anayendera mkatimo. Ndakondwa kumva kuti pa Kapata pali munthu amene wagwira ntchito yotere ndi manja ake, n'chifukwa chake ndiyamba ndi moyo wanu.

Makapasita aakulu a mu ampu imeneyi amasunga mavoti opitirira 300, ndipo amatha kuwasungabe mutazula pulagi. Musanagwire chilichonse mkati, zulani pulagi, tsitsani magetsi a m'makapasita kudzera pa rezisita ya 100k yamawati awiri kupita ku chasisi (bokosi lachitsulo la ampuyo), kenako yezani ndi mita kuti muone ndi maso anu kuti atheradi. Pomwe mukufufuza ampu ili yoyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, linalo ligwire kamtengo kouma basi. Musaiyatse yopanda sipika, mungawotche thiransifoma ya kusipika (ampuyi ili ndi mathiransifoma awiri: yaikulu ya magetsi ndi yaing'ono ya kusipika). Onaninso chingwe chanu cha magetsi. Ma Champ a m'zaka za m'ma 1950 ankatuluka ndi chingwe cha mawaya awiri, chopanda earth. Chanu chikhale cha atatu, waya wa earth womangidwa ndi bauti yakeyake pa chasisi, chifukwa nsambo za gitala zimene mumagwira ndi zala zimalumikizana ndi chasisi chomwecho. Wina akakuuzani kuti mudule earth kuti phokoso lithe, mukanireni.

Tsopano "hmmm" wanuyo. Alipo amitundu iwiri, ndipo khutu la woimba limawasiyanitsa msanga kuposa mita. Magetsi athu m'Zambia muno ndi 230 V pa 50 Hz. Zolemba zambiri za ma ampu awa zinachokera ku America, zimakamba za 60 ndi 120. Kwa ife manambala ndi 50 ndi 100. Tengani gitala, dinani nsambo yaikulu ya E pa fureti yachitatu. Ameneyo ndi G, amalira pa 98 Hz. Phokoso la ampu likafanana naye msinkhu, ndi la 100 Hz. Likakhala G yemweyo koma wapansi, wonga wa gitala ya besi pa fureti yomweyo, ndi la 50 Hz.

La 100 Hz limachokera kumene magetsi amawongoledwa, kuseri kwa 5Y3. Mwina kapasita ina ndi yofooka, mwina sinawotchereredwe bwino, koma kawirikawiri mwa anthu odzipangira okha vuto limakhala malo amene anaika earth ya kapasita yoyamba. Pa waya umenewo pamadutsa mphamvu yogunda kwambiri, ndiye 12AX7 akamagawana nawo njira, amatola kugundako n'kukukulitsa. Earth ya kapasita yoyamba ikumane ndi waya wapakati wa thiransifoma ya magetsi pamalo amodzi, ya 12AX7 ikagwire chasisi pafupi ndi jeki ya gitala. Ena amathamangira kuika kapasita yaikulu kwambiri. 5Y3 sakonda zimenezo. Yoyambayo isapitirire kwambiri 20 µF. Kuli bwino kuwonjezera rezisita ndi kapasita ina patsogolo pake. Dziwaninso kuti ampu ya valavu imodzi ya mphamvu, ngati yanuyi ya 6V6 mmodzi, imakhala ndi kaphokoso pang'ono mwachibadwa, popeza ilibe valavu yachiwiri yothandiza kukafafaniza monga zimachitikira mu ampu za ma 6V6 awiri. Kakamamveka pokhapokha mutayandikitsa khutu ku sipika, kasiyeni.

La 50 Hz ndi limene ndikuliganizira kwambiri pa nkhani yanu, ndipo ndimayamba ndi mawaya a hita, aja onyamula 6.3 V yotenthetsa 12AX7 ndi 6V6. Mawaya awiriwo apotedwe pamodzi mothina, agone m'kona mwa chasisi, kutali ndi waya wochokera ku jeki ndi wa volyumu. Akafunika kudutsana ndi waya wa mawu, adutsane mopingasa, asayende limodzi. Pulani yakale ya Champ inkagwiritsa ntchito chasisi ngati waya wachiwiri wa hita, ndipo amene amaitsatira ndendende amatengera phokoso lake lomwe. Chotsani pamenepo, yendetsani mawaya awiri. Ngati thiransifoma yanu ilibe waya wapakati wa hita, ikani marezisita awiri a 100 ohm, imodzi mbali iliyonse, muwakumanitse ku earth. Chimene ine ndimakonda ndi kuwakumanitsa pa mwendo wa 6V6 wotchedwa kathodi, pamwamba pa rezisita yake ya 470 ohm, pomwe pamakhala mavoti pafupifupi 20. Zimenezi zimatseka njira imene phokoso la hita limadumphira mkati mwa 12AX7, ndipo mtengo wake ndi wa marezisita awiri okha.

Mwandithandiza ponena kuti phokoso lilipo volyumu ili pansi. Volyumu ya Champ ili pakati pa magawo awiri a 12AX7, choncho gitala, chingwe chake ndi gawo loyamba si amene akuyambitsa. Zimitsani, dikirani valavu izizire, zulani 12AX7, yatsaninso. Phokoso likatha, lili pa gawo lachiwiri la valavuyo kapena mawaya ake. Likatsala, lili kwa 6V6 kapena ku magetsi.

Likhweru ndi nkhani ina. Apa ampu ikudzimva yokha: mawu otuluka akubwerera kolowera. Popeza limayamba mukakweza volyumu, yang'anani mawaya a thiransifoma ya kusipika, makamaka wopita ku mwendo wa 6V6 wotchedwa puleti. Ampu ili yoyaka, kankhani mawaya mmodzimmodzi ndi kamtengo kaja, mumvetsere. Waya amene mukamusuntha likhweru likusintha, ndi yemweyo. Afupikitseni onse, ndipo kuchokera pa jeki kukafika ku 12AX7 ikani waya wokutidwa ndi ukonde, ukondewo ugwire earth mbali imodzi yokha. Zikakanika, masulani mwendo umodzi wa rezisita ya 22k yochokera ku sipika kubwerera ku 12AX7. Likhweru likasiya kapena kuchepa, ndiye kuti thiransifoma ya kusipika munailumikiza mozondoka. Sinthanitsani mawaya ake awiri a mbali ya valavu, mubwezeretse rezisitayo. Gogodaninso 12AX7 pang'ono ndi kamtengo. Akamalira "ting'" mokweza m'sipika, valavuyo ndi amene anafunika kusintha, osati 6V6.

Pali maphokoso ena amene simunawatchule koma mudzakumana nawo. "Phu phu phu" wonga chigayo cha dizilo amasonyeza kuti kapasita yodyetsa 12AX7 yafooka. Kuthetheka, makamaka dzinja likafika ndi chinyezi chake, kumachokera ku soketi za mavalavu zakuda kapena powotcherera posagwira. "Shiii" wopitirira muyezo amakonda kuchokera ku marezisita a 100k a pa puleti za 12AX7. Ndipo magetsi akathima n'kulumikiza ampu ku inveta yotchipa kapena jenereta yaing'ono, "zzzz" amene mudzamve si wa ampu yanu. Muziiyesa pa magetsi a pakhoma, pa soketi imene mwatsimikiza kuti earth yake ikugwira, chifukwa soketi ya mabowo atatu sikuti nthawi zonse ili ndi waya wachitatu kuseri kwake.

Thiransifoma mwafunsayo muiyeze pomaliza, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Zulani mavalavu onse atatu, siyani sipika yolumikiza, yatsani. Mukamva "hmmm" nthawi yomweyo popanda valavu ngakhale imodzi, ndiye kuti thiransifoma ya magetsi ikuponyera maginito ake mu ya kusipika. Palibe yoonongeka pamenepo. Zimitsani, masulani yaing'onoyo, muitalikitse kapena muitembenuze kuti zitsulo zake zipingasane ndi za yaikulu, muziyesa mpaka mutapeza pamene sipika yakhala chete, ndipo mubowole mabowo atsopano pomwepo.