Kusamuka ndi TV, filiji ndi sola m'misewu yathu ya kuchigwa

Mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, wandilembera pa imelo. Awasamutsa kuchoka ku Ngabu kupita cha ku Muona, tsidya lija la Shire. Ali ndi TV ya mainchesi 43, filiji, dikoda, laputopu ndi sola ya batire limodzi. Makatoni amene anagulira katunduyu anataya kalekale, ndipo mwini lole wawauza kuti angoyala zonse pa matiresi, zikafika bwinobwino. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, mwini loleyo musamumvere. Iye akuganiza zoti katundu akwane ulendo umodzi, TV ikakafa sadzakhalapo.

Tiyambe ndi njira. Mutha kutsikira ku Bangula n'kukakwera bwato pa Mtayamoyo, kapena kuzungulira ku Nchalo, kuwoloka pa mlatho wa Kamuzu n'kukakhota pa Thabwa. Ya bwato ndi yachidule, koma kukweza ndi kutsitsa filiji m'matope, anyamata anayi akukokerana, ine sindingalole. Zungulirani. Kungoti tala wa M1 asakupusitseni: mukakhota pa Thabwa muli fumbi, maenje ndi timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo, choncho mumange katundu poganizira chigawo chimenecho.

TV isagone. Galasi la ma TV a masiku ano ndi lopyapyala, ndipo analipanga kuti liziima. Mukaligoneka, pakati pamakhala popanda chochirikiza, ndiye lole ikadumpha pa dzenje limathetheka mkati. Kunja TV imaoneka yabwinobwino, koma mukayatsa mumangoona mizeremizere kapena chibanga chakuda pakona, ndipo mtengo wa galasi lina umayandikira wa TV yatsopano. Masulani miyendo yake, masikuluwo muike m'kajumbo n'kumata kumbuyo kwa TV ndi selotepi. Galasi muliphimbe ndi chitenje chofewa, pamwamba pake katoni yophwasula, ya m'golosale iliyonse pa Ngabu ikwana, kenako bulangete. Mukatero muiimike pakati pa matiresi awiri, kufupi ndi kumutu kwa lole, chifukwa kumbuyo kwenikweni ndi kumene kumadumpha kwambiri. Malegeni azungulire matiresiwo, asadutse pagalasi penipeni. Musanazule mawaya, jambulani kumbuyo kwa TV ndi dikoda ndi foni yanu, mudzandithokoza.

Filiji muizimitse dzulo lake kuti ayezi asungunuke, muipukute, mutulutse mashelefu agalasi, mumange chitseko. Nayonso iyende choimirira. Mu kompulesa, chimphika chakuda chili kumbuyo kumunsi chija, muli oyilo. Filiji ikagona, oyiloyo amalowa m'mapaipi a gasi, ndipo mukaiyatsa asanabwerere, kompulesa imagwira ntchito youma kapena mapaipi amatsekeka. Ikayenda choimirira, idikire maola anayi musanailumikize. Ikakhala kuti inagona, ipume tsiku lathunthu itaima. Ndikudziwa kuti ndi kutentha kwa kuno ana adzakhala akulirira madzi ozizira mukangotsitsa katundu. Amwe a mumtsuko tsiku limenelo.

Pa sola ndi pamene anthu ambiri amaotcha zinthu asananyamuke n'komwe. Pomasula, yambani kuchotsa mawaya a panelo pa kontilola (kabokosi kolumikiza panelo ndi batire), batire pambuyo. Pokalumikiza kumeneko mutembenuze: batire poyamba, panelo pomaliza. Makontilola ambiri safuna kulandira mphamvu ya dzuwa popanda batire. Ngati batire lanu ndi lothira madzi lija, muli asidi amene amaboola nsalu ndi kudya zitsulo, ndiye liime pansi m'beseni lapulasitiki, kutali ndi zovala ndi TV. Mitu yake iwiri muikulunge ndi tepi. Khasu kapena sipanala ikangogunda mitu yonse iwiri nthawi imodzi, moto umathetheka pomwepo, ndipo pafupi pali matiresi.

Za dzuwa simukufunika kuuzidwa. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa pepala lakuda lofunditsira katundu kumaposa pamenepo. Mabatire a laputopu, foni ndi pawabanki amafufuma akatenthedwa kwambiri, choncho zimenezi zikhale m'chikwama pamiyendo panu, osati pa dashibodi. Pakirani madzulo, munyamuke mbandakucha. Ngati ulendowu ugwera m'dzinja, imbirani kaye anzanu a ku Muona mumve ngati mitsinje ikuwolokeka. Mvula ikagwa kumapiri madzi amafika kuchigwa ngakhale kuno kuli ngwee, ndipo zimene tinaona ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 zikukwanira.

Malisiti a katundu, ngati alipo, ayende nanu pamodzi ndi kalata yokusamutsani. Pa rodibuloko ya pa Thabwa apolisi atha kufunsa za TV yokulungidwa m'bulangete, ndipo pepala limafupikitsa nkhani.

Mukafika, musathamangire kulumikiza. Nyumba zambiri za aphunzitsi mawaya ake ndi akale, masoketi ena olendewera. Yesani soketi iliyonse ndi chinthu chotchipa, monga tchaja chakale, musanaikepo TV. Magetsi a ESCOM amayenera kukhala mavoti 230, koma akazima n'kuyakanso amabwera mosinthasintha, ndiye ngati mulibe kachipangizo koteteza filiji ndi TV, gulani musanawoloke Shire. Dishi musalimbane nayo nokha, itanani wodziwa kuilozetsa. Ndipo sabata yomalizayi ku Ngabu musagule mayunitsi ambiri, chifukwa amatsalira mu mita ya nyumba imene mukusiyayo.