Kodi ndibwerere pa dozi yakale kuti ndizigona?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene akhala akumwa lorazepam, mankhwala ochepetsa nkhawa ndi ogonetsa, kwa zaka zitatu, ndipo pano akuchepetsa pang'onopang'ono mothandizidwa ndi adokotala. Akuti kuyambira pomwe anafika theka la dozi yawo akumagona maola awiri kapena atatu basi, dzuwa likangolowa mtima umayamba kugunda, akangoona bedi mantha amawagwira. Funso lawo linali lakuti, ndibwerere pa dozi yakale, kapena ndingosiyiratu kamodzi kuti zowawazi zithe msanga?

Mayi, ndiyambe ndi zosiyiratuzo chifukwa zimenezo ndiye zandidetsa nkhawa kwambiri. Musayerekeze chonde. Mankhwala a gulu la benzodiazepine, kaya ndi lorazepam wanuyo, kaya diazepam, alprazolam kapena clonazepam, munthu amene wawamwa nthawi yaitali akawasiya mwadzidzidzi amatha kugwa ngati wakhunyu, kusokonezeka mutu, ena mpaka kutaya moyo. Mu 2020 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalimbitsa chenjezo pa mankhwala onse a gululi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chomwechi. Ndiye njira yachidule imeneyo kulibe.

Za kubwerera pa dozi yakale si ine woti ndigamule, ndi adokotala anu, koma ndikuuzeni mmene ndimaonera. Kawirikawiri pamene zinthu zafika povuta chonchi, chomwe chimathandiza ndi kuima kaye pa dozi yomwe muli nayo panopa kwa masabata angapo mpaka thupi lizolowere, kenako n'kupitiriza kutsika ndi timasitepe tating'ono kuposa kale. Kukwera ndi kutsika, lero theka mawa lonse chifukwa usiku unali woipa, kumasokoneza thupi kwambiri. Malangizo ambiri amanena zochotsa 5 mpaka 10 peresenti ya dozi pa masabata awiri kapena kupitirira, ndipo dozi ikamachepa sitepe nayonso iyenera kuchepa. Ngati inu munatsika mpaka theka m'masabata ochepa, mwina liwiro ndi lomwe lachuluka, kawauzeni adokotala zimenezi momasuka.

Palinso kanthu kena koti mukafunse. Lorazepam sakhalitsa m'thupi, ndiye pakati pa piritsi ili ndi linalo mphamvu yake imatsika ndipo munthu amamva mantha akubwera pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Diazepam amakhala m'thupi masiku angapo, amatsika mofatsa. Professor Heather Ashton, amene anayendetsa kiliniki yothandiza anthu osiya mankhwalawa ku Newcastle, m'dziko la England, kuyambira 1982 mpaka 1994, ankakonda kusamutsira anthu pa diazepam kaye asanayambe kuchepetsa. Sizimayenera aliyense, makamaka achikulire kapena amene chiwindi chawo chili ndi vuto, komabe ndi nkhani yoyenera kuikambirana.

Tsono n'chifukwa chiyani tulo tathawa? Mu ubongo muli kamankhwala kachilengedwe kotchedwa GABA, ntchito yake ndi kuziziritsa mitsempha kuti isamangothamanga. Mapiritsi anuwa akhala akuwonjezera mphamvu ya GABA kwa zaka zitatu, ubongo unazolowera thandizolo n'kuchepetsa khama lake, ndiye pano thandizo likuchoka ubongo ukadali m'mbuyo, sunayambe kugwira wokha bwinobwino. N'chifukwa chake kaphokoso kakang'ono kamakudzidzimutsani, thupi limachita ngati lagwedezeka pomwe mwangoyamba kusinza, ndipo maloto amabwera ambiri, owala, ena oopsa. Malotowo asakuopseni, mapiritsi aja ankapondereza gawo la tulo lomwe timalota, pano gawolo likubwerera ndi mphamvu. Si misala ayi.

Koma chomwe ndikufuna ndikhalepo kwambiri ndi mantha a bedi aja, chifukwa ndikuona kuti pali mavuto awiri pano osati limodzi. Loyamba ndi la mankhwala, limenelo limafuna nthawi. Lachiwiri mwaliphunzira osadziwa. Usiku uliwonse womwe mwakhala pabedi maso ali gwa, mukutembenuka uku ndi uku, mukuwerengera kuti kwatsala maola angati kuti kuche, ubongo wakhala ukulemba kuti bedi ndi malo a nkhondo, ndiye madzulo akamafika thupi limayamba kukonzekera nkhondoyo, mtima kugunda, manja thukuta, ndipo munthu wokonzekera nkhondo sagona. Vuto lachiwirili mutha kuyamba kulimasula lero lino ngakhale dozi isanasinthe.

Njira yake ndi yovuta kuivomereza koma ndi yakale ndithu, katswiri wina dzina lake Richard Bootzin anaifotokoza mu 1972 ndipo mpaka pano ili m'chithandizo cha kusowa tulo chosagwiritsa ntchito mankhwala chotchedwa CBT-I. Musapite pabedi chifukwa nthawi yakwana, pitani pamene zikope zayamba kulemera. Mukagona n'kuona kuti padutsa kanthawi, tinene ngati mphindi 20 mongoyerekeza osayang'ana wotchi, ndipo mantha ayamba kukwera, dzukani. Kakhaleni pampando penapake, nyali yochepa mphamvu, werengani kanthu kosasangalatsa kwenikweni kapena mverani mawu ofatsa, tulo tikabwera bwererani. Mwina usiku woyamba mudzuka kanayi, palibe vuto. Wotchi itembenuzeni iyang'ane kukhoma, foni isiyeni patali, makamaka musamafufuze zizindikiro zanu pa intaneti 2 koloko usiku, nthawi imeneyo nkhani iliyonse yoipa imaoneka ngati ikunena za inu.

Kenako m'mawa dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kaya mwagona maola asanu kaya awiri, ndipo tulukani panja muone kuwala. Ndikudziwa zimawawa kudzuka utangogona kumene. Koma njala ya tulo imakula ndi maola omwe munthu wakhala maso, mukagona mpaka 10 koloko kapena kugona maola awiri masana mwaidya kale njalayo. Ngati masana zakanikadi, mphindi 20 zokha, isanakwane 3 koloko. Chenjezo limodzi: mu CBT-I muli gawo lina lochepetsa dala maola okhala pabedi, limenelo musaliyambe nokha pomwe mukutsitsa dozi, chifukwa kusowa tulo kwambiri kumawonjezera ngozi yogwa ija.

Maganizo omwe amakuvutitsani pabedi, apatseni nthawi yawo madzulo kusanade. Tengani pepala, lembani zonse zomwe zikukudetsani nkhawa ndi chomwe mungachite mawa pa chilichonse, tsekani. Akabweranso usiku mumangodziuza kuti zimenezi ndalemba kale. Mtima ukamagunda, pumirani mkati pang'onopang'ono ndipo potulutsa mpweya mutalikitse kuposa polowetsa. Musachite izi ngati mukukakamiza tulo, chitani kuti thupi lipumuleko basi. Kugona chete thupi litamasuka nakonso ndi kupuma ndithu, ndipo anthu osowa tulo nthawi zambiri amakhala atagonako kuposa mmene akuganizira.

Mowa ayi. Umagwira pamalo omwewo mu ubongo pomwe mapiritsi anu amagwira, umakugonetsani msanga n'kukudzutsani pakati pa usiku mantha atawirikiza, komanso kuuphatikiza ndi lorazepam kumatha kufooketsa kupuma. Mapiritsi ogonetsa a zopiclone ndi zolpidem nawonso amagwira pamalo omwewo, ndiye wina akakuuzani kuti awa si benzodiazepine ndi abwinobwino, dziwani kuti mukhoza kungosintha unyolo. Khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisadutse masana, theka la kafeini limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Mankhwala ena aliwonse ogonetsa, ngakhale azitsamba, funsani kaye.

Tulo timabwerera, koma sitibwerera mwadongosolo. Mudzagona bwino masiku awiri n'kuganiza kuti zatha, lachitatu osagona n'komwe, kenako sabata yabwinoko. Ena zimawatengera masabata, ena miyezi. Chimene ndingakupempheni ndi choti musamagamule za dozi usiku, nkhani imeneyo izikambidwa masana, ndi adokotala.

Pali zinthu zomwe simuyenera kudikira nazo tsiku la apoyintimenti: mukagwa kapena kukomoka, mukayamba kuona kapena kumva zinthu zomwe ena sakuziona, mukasokonezeka osadziwa komwe muli, mukatha masiku angapo osagona n'komwe, kapena maganizo ofuna kudzipha akabwera. Pamenepo pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo uzani munthu amene muli naye pafupi. Ndipotu ngakhale zisanafike pamenepo, wina wa m'nyumba mwanu adziwe kuti mukutsitsa mankhwalawa komanso dozi yomwe muli.

Kwa masabata awiri akubwerawa, m'mawa uliwonse lembani nthawi yomwe munapita pabedi, maola omwe mukuganiza kuti munagona, ndi dozi yomwe munamwa. Pepala limenelo mukapite nalo kwa adokotala, ndipo ngati mungakonde mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene zikuyendera.