Funsani Dokotala: Meshi, wivi ndi tsitsi lothothoka m'mbali

Adokotala, ndili ndi zaka 29 ndipo ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Meshi ndinayamba kulukitsa nditangomaliza sukulu, ndikamasula ina ndimaikitsa ina. Pano tsitsi la pachipumi ndi la pamwamba pa makutu likutha. Anzanga ena akuti ndizipaka adyo, ena akuti mafuta a nsatsi. Kodi lidzameranso? — Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu

Mayi, kumera kapena kusamera kukudalira ngati mizu ya tsitsilo ikadali moyo. Vuto lanuli achipatala timalitcha traction alopecia, ndipo limabwera tsitsi likamakokedwa kwa nthawi yaitali. Si inu nokha. Kafukufuku amene Dr Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anachita ku Cape Town, yemwe anatuluka mu 2007, anapeza vutoli mwa amayi pafupifupi mmodzi pa atatu alionse, ndipo linachuluka kwambiri mwa amene ankaluka meshi patsitsi lowongola ndi relaxer.

Tsitsi lililonse limamera m'kadzenje kake m'khungu. Woluka akatapa titsitsi tochepa ta m'mbali n'kumangirirapo meshi yaitali yofika m'chiuno, kulemera konseko kumasenzedwa ndi timizu tochepato, usana ndi usiku. Poyamba muzu umangotupa: pamatuluka tiziphuphu m'mphepete mwa mizere, mutu umawawa, ndipo mukaona pansi pa tsitsi pali timadontho toyera. Pamenepa mukamasula, tsitsi limabwerera. Koma kukokako kukapitirira kwa zaka, kadzenje kaja kamatsekeka ndi chipsera, ndiye palibenso mafuta kapena mankhwala amene angatulutsepo tsitsi.

Tengani galasi mutuluke panja padzuwa, muyang'anitsitse pothothokapo. Ngati pakuoneka timabowo ting'onoting'ono ndi titsitsi tofewa ngati ta khanda, mizu ilipo. Ngati pali see, posalala ndi ponyezimira, pamenepo pafa. Nthawi zambiri mutu umodzi umakhala ndi zonse ziwiri, choncho chofunika lero n'kupulumutsa pamene patsala.

Masulani meshi imene muli nayoyo, ndipo mukhale miyezi yosachepera 3 osaluka, osawongola, osamanga tsitsi kumbuyo mokoka. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye musayembekezere kuona kusintha sabata yamawa. Duku lisamangidwe mothina pamzere womwewo wa pachipumi tsiku ndi tsiku. Poti ntchito yanu ndi yosenza, dziwaninso izi: dengu la kachewere likakhala pankhata, nkhata ili pameshi yothina, katunduyo akamagwedezeka amakoka mizu ya kutsogolo. Patsitsi lomasula kukokako kumachepa kwambiri.

Adyo musapake. Amawotcha khungu, ndipo bala la adyo limasiya chipsera pamalo pomwe tikufuna kupulumutsa. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi kuti lisamaduke, zimenezo n'zoona, koma sadzutsa muzu. Mankhwala amene amathandizadi mizu ikakhala ili moyo ndi minoxidil wopaka, amene amapezeka m'mafamase ena. Zotsatira zake zimayamba kuoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asagwiritse ntchito. Musanagule, pitani pachipatala cha boma cha Ntcheu akakuoneni mutu ndi kukuyezani magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi, chindoko ndi matenda a chithokomiro nazonso zimathothola tsitsi. Akaona kuti pakufunika dokotala wa khungu, adzakutumizani ku Lilongwe.

Tsiku limene mudzabwerere ku saluni, mudzalankhule musanakhale pampando. Uzani woluka kuti titsitsi ta m'mbali atisiye, meshi ikhale yonenepa pang'ono ndi yaifupi, yosapitirira m'mapewa. Akatha kuluka, kwezani nsidze, tembenuzani khosi, tafunani. Khungu likamakokeka, amasule pomwepo. Chizolowezi chomwa Panado kuti mugone usiku woyamba, n'kumati mawa ikhazikika, ndicho chikutha tsitsi la amayi ambiri. Meshi yolukidwa bwino sipweteka ngakhale tsiku loyamba. Mukawongola tsitsi, padutse masabata osachepera 2 musanaluke, ndipo meshi isakhale m'mutu kupitirira masabata 6 mpaka 8.

Ndikangolukitsa meshi yatsopano, usiku womwewo mutu, khosi ndi makutu zimayabwa koopsa, mpaka kutuluka totupa. Kodi ndi nsabwe za ku saluni? — Mtsikana wa ku Linthipe

Nsabwe siziyabwitsa mwachangu chotero, achemwali, ndipo sizitupitsa khosi paliponse pamene meshi yakhudza. Meshi si tsitsi la munthu, ndi ulusi wapulasitiki, ndipo imachoka kufakitale itakutidwa ndi mankhwala amene khungu la anthu ena limadana nawo. Dzulo lake musanapite kokalukitsa, thirani kapu imodzi ya viniga m'makapu 4 a madzi ofunda m'beseni, muviikemo meshi osaimasula pomangira pake, kwa mphindi 20. Tsukuluzani ndi madzi oyera, yanikani mpaka iume. Ngati mwaluka kale ndipo mwatupa, mankhwala akumwa a cetirizine kapena Piriton amachepetsa kuyabwa, koma totupa tikayamba kutuluka madzi, masulani basi.

Kuno kukazizira ndimaopa kutsuka m'mutu, moti wivi wosokerera ndimakhala naye miyezi itatu osathira madzi. Ndikamasula ndimapeza fungo, mfundu zambiri, ndipo tsitsi limatuluka lodzadza m'manja. Nditani? — Mayi wa ku Bembeke, Dedza

Kuzizira kwa ku Bembeke mu June ndi July n'kosachita kufunsa, koma khungu la m'mutu silisiya kutulutsa thukuta ndi mafuta chifukwa kunja kwazizira. Pansi pa wivi pamafunda ndipo mpweya sufikapo. Tizilombo ta mtundu wa yisiti, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense, timaswana kwambiri pamalo otere, ndipo mfundu, kuyabwa ndi fungo zimachokera pamenepo. Mukamakanda ndi chipini kapena nsonga ya chipeso, mumatsegula tizilonda, mabakiteriya n'kulowa, n'kuyamba tizithupsa ta mafinya.

Muzitsuka kamodzi pa masiku 7 mpaka 14. Musathire shampu pamwamba pa wivi. Tengani botolo laling'ono la pulasitiki, boolani chitsekero ndi msomali, thiranimo supuni 2 za shampu ndi kapu imodzi ya madzi ofunda, khutchumulani. Finyirani m'mipata ya mizere, pakhungu penipeni, n'kumasisita ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Tsukuluzani kawiri kapena katatu, chifukwa sopo wotsalira nayenso amayabwitsa.

Kuumitsa ndiye nkhani yaikulu kwanuko. Wivi amauma pamwamba, koma mizere ya pansi imasunga madzi tsiku lonse. Tsukani m'mawa, tsiku limene dzuwa lawala, osati madzulo kapena tsiku la chifunga. Finyani ndi thaulo, khalani padzuwa mukutsegula mipata ndi zala, kapena lipirani dryer ku saluni pamoto wochepa. Musamange duku kapena kugona mizere ikadali yonyowa. Musaumitsenso pambaula kapena pamoto wa nkhuni: ulusi wapulasitiki umasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndipo bala lake limakhala lozama.

Mfundu zikapitirira, gulani shampu ya ketoconazole 2%. Pakani pakhungu, dikirani mphindi 5, tsukuluzani, kawiri pasabata kwa masabata 4. Imagwira bwino ntchito tsitsi likakhala lomasula. Vaselini wambiri m'mizere sachiza mfundu, amangozimata pamodzi ndi fumbi.

Tsitsi lodzadza m'manjalo lisakuopseni msanga. Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Likakhala lolukidwa silikhala ndi kogwera, ndiye la miyezi itatu limatulukira kamodzi. Choopsa n'chakuti limapotana ndi litsiro patsinde pa mzere n'kupanga mfundo, ndipo mukathirapo madzi musanalimasule, limagwirana zolimba moti ena amafika pometa. Mukamasula, pakani conditioner kapena mafuta pang'ono, lekanitsani ndi zala, pesani ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kutsikira kumizu, kenako ndiye mutsuke. Miyezi itatu ndi yambiri, mayi. Tsitsi likamakula pansi, wivi amalendewera patsitsi latsopano lomwe ndi lofooka. Masabata 8 asapitirire, ndipo mupumitse mutu masabata 2 musanasoketse wina. Singano yosokera ndi lezala yodulira ulusi muzipita ndi zanu: singano imene yabaya munthu wina ikhoza kupatsira matenda a chiwindi a hepatitis B.

Ukwati wanga uli pafupi ndipo ndikufuna wigi yomata ndi guluu pachipumi. Ndi yabwino? — Mtsikana wa pa Dedza boma

Kwa tsiku limodzi kapena awiri, pakhungu lopanda zilonda, ambiri savutika nayo. Koma guluu wina, makamaka wakuda womatira wivi, amakhala ndi labala wa latex, ndipo pali anthu amene thupi lawo limadana naye kwambiri. Ngati magolovesi a kuchipatala, makondomu kapena mabaluni anakutupitsanipo, guluu ameneyo musamuyandikire. Kwa wina aliyense, yesani kadontho kuseri kwa khutu masiku 2 ukwati usanafike. Pakafiira kapena kuyabwa, gwiritsani ntchito wigi ya lamba. Milomo kapena zikope zikatupa, kapena mukayamba kubanika mutangomata, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti muone ngati zisintha.

Guluu apakidwe pakhungu kutsogolo kwa mzere wa tsitsi, osati patsitsi. Pochotsa musamatule mouma. Nyowetsani ndi mafuta ochotsera guluu, dikirani afewe, wigi inyamuke yokha. Usiku muzivula.

Mwana wanga wa zaka 5 ndinamulukitsa meshi yamikanda. Pomasula ndapeza malo awiri ozungulira opanda tsitsi, otuwa, ndipo pena patupa n'kumatuluka mafinya. Kukhosi kulinso mwanabele. Ndakhala ndikupaka mankhwala a chipere a m'chubu koma sizikusintha. — Mayi wa ku Tsangano

Mmene mwafotokozeramu chikuoneka ngati chipere cha m'mutu, ndipo mankhwala opaka sangachithe. Chipere cha pakhungu la pamkono chimakhala pamwamba, koma cha m'mutu chimalowa m'kati mwa tsitsi mpaka kumuzu, kumene zopaka sizifika. Mwanayo akufunika mankhwala akumwa, nthawi zambiri griseofulvin, tsiku lililonse kwa masabata 6 mpaka 8. Mlingo wake amawerengera kulemera kwa mwana, choncho mupite naye kuchipatala akamukweze pasikelo, musagule mongoyerekeza. Azimwa atadya chakudya cha mafuta, monga phala lothira nsinjiro kapena mkaka, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi mafuta. Ngakhale pataoneka kuti papola sabata yachitatu, amalize onse.

Potupa potuluka mafinyapo musafinye, musatemere, musapake mankhwala otsukira mano kapena mafuta a galimoto. Ndi thupi likulimbana ndi chiperecho, ndipo pakachedwa kulandira mankhwala pamatsala chipsera chosamera tsitsi. Pitani sabata ino.

Meshi si imene yabweretsa chipere, koma yachibisa mpaka chakula, ndipo n'kutheka kuti chinabwera ndi chipeso kapena thaulo la ku saluni. Chimapatsirananso kudzera m'makina ometera, zipewa, mapilo, ngakhale kwa mphaka ndi galu. Yang'anani m'mitu ya ana onse a pakhomopo, chifukwa kuchiza mmodzi n'kusiya mnzake wogona naye mphasa imodzi, chimabwereranso. Zipeso zitsukidwe ndi sopo n'kuviikidwa m'madzi othira Jik, zofunda ndi zipewa zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Akayamba mankhwala akhoza kumapita kusukulu.

Akachira, mwana wa msinkhu umenewu musamuikenso meshi ndi mikanda yolemera. Mizu yake ndi yanthete, ndipo dazi la m'mbali limene timaliona mwa amayi a zaka 30 nthawi zambiri limayambira pa msinkhu womwewu. Mulukeni tsitsi lake lomwe, mizere yonenepa yosakoka, muzimasula pakatha masabata 2 kuti muzitha kuona khungu.