Makadi atatu akagwa, funsani mtengo musanaponye ndalama

Funso lachokera kwa bambo wina yemwe ali ndi golosale pa Luchenza: "Madzulo ndikatseka, ndimasewera poker ya no-limit hold'em pa foni. Ma blinds (ndalama zoponya mokakamizidwa makadi asanagawidwe) ndi K500 ndi K1,000, ndipo ndimalowa ndi K100,000. Makadi oyambira ndimasankha bwino, koma ndalama zimandithera flop ikatuluka. Ndizibetcha bwanji?"

Bambo, inu simuoda shuga ku Limbe musanadziwe kuti paketi mukaigulitsa zingati. Flop ndi makadi atatu oyamba omwe amaikidwa poyera patebulo. Ikagwa, ndalama iliyonse yomwe mnzanu waponya ndi mtengo womwe akukutchulirani, ndipo muyenera kuuwerengera musanavomere.

Tinene kuti muli ndi J ndi 10 za mitima. Patebulo pagwa K ya mtima, 7 ya mtima ndi 2 ya sipedi. Pakati pali K6,000, mnzanu waponyapo K3,000. Mukatsatira, ndalama zonse zikhala K12,000, zanu mmenemo ndi K3,000, choncho mufunika kupambana kamodzi pa maulendo anayi, 25 peresenti. Mitima yonse ilipo 13, inayi mukuiona, yatsala 9 mwa makadi 47 omwe simunawaone. Mwayi woti mtima ugwe pa turn, khadi lachinayi la patebulo, ndi 19 peresenti yokha. Ambiri anamva kuti wodikira flush, makadi asanu a mtundu umodzi, amapambana 35 peresenti. Nambalayo ndi yoona, koma ndi ya makadi onse awiri, turn ndi river (khadi lachisanu, lomaliza), ndipo imagwira ntchito ngati simudzalipiranso. Mnzanu akadali ndi ndalama, pa turn adzakulipiritsaninso.

Ndiye 19 ndi yochepa poyerekeza ndi 25. Kutsatira kuli ndi phindu pokhapokha ngati mtima ukagwa mudzamudyanso ndalama ina yosachepera K3,700, ndipo pa tebulo la K100,000 zimenezi ndi zotheka. Koma akaponya K6,000 yonse, ndalama yofunika kumudya pambuyo pake ikwera kufika pa K13,300. Apa ganizirani kawiri. Mtima wachitatu aliyense amauona, ndipo munthu wochenjera amangomanga thumba. Komanso flush yanu ya J imagonja kwa amene wagwira A kapena Q ya mtima ndi mtima wina, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe K100,000 imapita yonse.

Mukakhala kuti ndinu munakweza flop isanagwe, yang'anani kaye patebulo. Pakagwa K, 7, 2 za mitundu yosiyana, palibe chomwe mnzanu angamadikire, ndiye gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za pakati ndi lokwana. Munthu amene wagwira makadi awiri osafanana amaphonya flop pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, ndipo kubetcha pang'ono kumamuthamangitsa motchipa. Pakagwa 9, 8, 7, awiri a mtundu umodzi, nkhani yasintha. Ngati makadi anu ali amphamvu ponyani magawo awiri mwa atatu, kuti wodikira straight (makadi asanu otsatizana manambala) kapena flush afunike 29 peresenti pomwe wa flush ali ndi 19, wa straight 17. Ngati mwangogwira A ndi K, dutsani osaponya kanthu. Kukweza poyamba sikukukakamizani kupitiriza.

Kuopseza mulibe kanthu m'manja nakonso kuli ndi masamu ake. Mukaponya theka la ndalama za pakati, mnzanu ayenera kutaya makadi kamodzi pa katatu kuti musaluze. Mukaponya zofanana ndi za pakati, ayenera kutaya kamodzi pa kawiri. Zimayenda mukatsala awiriwiri, makamaka inu mukakhala womaliza kulankhula chifukwa mwaona kale zomwe wachita. Pa anthu atatu kapena anayi musayese, kawirikawiri wina amakhala atagunda. Ndipo pa matebulo a ndalama zochepa pamadzaza anthu osataya makadi. Amenewo saopsezedwa. Muzingowalipiritsa mukagwira zabwino.

Pomwe ndikuganiza kuti ndalama zanu zikudonthera kwambiri ndi pa peya imodzi, makadi awiri ofanana nambala. Mwagwira A ndi K, pagwa K, mtima wanu uli m'malo. Munakweza K3,000, pakati pali K6,500. Pa flop mwaponya K4,500, watsatira. Pa turn K10,500, watsatira. Pa river K24,500. Mwaika kale K42,500 pa peya imodzi, ndipo munthu wotsatira katatu konseko kawirikawiri si wopanda kanthu. Musanaponye pa flop werengerani makwerero atatu onsewa, musankhiretu pomwe mudzapumire. Ndi peya imodzi kulipiritsa kawiri kumakwana nthawi zambiri. Munthu amene wakhala akungotsatira mwakachetechete akakukwezerani mwadzidzidzi pa turn kapena river, tayani makadi. Zimawawa, koma kutaya K18,000 pa turn n'kosiyana ndi kutaya K100,000.

Tsopano za golosale, chifukwa apa ndi pomwe mtima wanga suli m'malo. Eni masewerawa amadula kagawo kawo, rake, pa ndalama za pakati, choncho zomwe osewera onse amatuluka nazo ndi zochepa kuposa zomwe analowa nazo. Ngakhale katswiri amatha kuluza ndalama zolowera kasanu motsatizana asanalakwitse kalikonse, n'chifukwa chake odziwa masewerawa amasunga padera ndalama zolowera maulendo 20 kapena kuposa. Pa tebulo lanulo ndi K2,000,000 yomwe si mpamba, si fizi, si ngongole ya banki m'khonde kapena katapila. Ngati mulibe, tebulolo lakukulirani, tsikani pa laling'ono kwambiri kapena siyani. Onetsetsaninso ngati malo omwe mukusewerawo ali ndi chiphaso cha Malawi Gaming and Lotteries Authority, poti akakana kukupatsani ndalama zanu opanda chiphaso mulibe kokadandaula.

Nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yolandirira makasitomala isakhale yomwe mumaseweretsa. Gulani kope lapadera, muzilemba tsiku, zomwe mwalowa nazo ndi zomwe mwatuluka nazo, kwa miyezi itatu osadumpha usiku woipa. Mukaona kuti ku esiteti ya tiyi alandira, anthu akufuna sopo ndi mafuta ophikira koma mashelefu ali mbee chifukwa ndalama yooda inatsalira pa river, fufutani masewerawo pa foni tsiku lomwelo.