Ma linebacker a Penn State: vuto ndi kochi kapena anyamata?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina amene anabwera ku Pennsylvania chaka chatha kudzaphunzira. Akuti anzake a m'kalasi anamutengera kamodzi ku Beaver Stadium, bwalo la timu ya yunivesite ya Penn State, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpira wa ku America unamulowa m'magazi. Funso lake mwachidule ndi ili: chigonjereni Penn State kwa timu ya yunivesite ya UCLA mu Okutobala 2025, pagulu lawo la WhatsApp anthu sakugona tulo. Ena akuti kochi wa ma linebacker achoke, ena akuti anyamatawo ndiwo alibe luso. Iye akufuna kudziwa ntchito yeniyeni ya linebacker, komanso kuti pamkanganowu akunena zoona ndani.

Achimwene, zikomo pondilembera. Nkhaniyi inenso ikundiwawa, chifukwa timuyi ndakhala ndikuitsata kwa zaka zambiri. Maganizo anga ndi oti mbali zonse ziwiri zikuloza chala pamalo amene chilonda chikuonekera, osati pamene chinayambira. Koma tiyambe ndi ntchitoyo.

Timu ikamatchinga imakhala ndi anthu 11. Kutsogolo kumaima zimphona, kawirikawiri zinayi, maso ndi maso ndi zimphona zisanu za adani. Kumbuyo kwenikweni kumakhala anyamata aliwiro olondera amene akuthamangira kukawakha mpira. Pakati pa magulu awiriwa, mayadi anayi kapena asanu kuchokera pamene pali mpira, ndi pamene pamaima ma linebacker. Inu amene munakulira mpira wa miyendo, ganizani za nambala 6, uja amene akasewera bwino palibe amamutchula, koma akasochera pang'ono bwalo lonse limaona. Kale ma linebacker ankakhala atatu, ndipo mayina awo pabwalo ndi Mike wapakati, Will ndi Sam a m'mbali.

Pakati ndi m'mbali mwa zimphona zisanu za adani zija pali mipata, imene makochi amaitchula ndi malemba A, B ndi C kuchokera pakati kupita m'mbali. Wotchinga aliyense amapatsidwa mpata wake. Mpira ukangoyamba, linebacker ali ndi kanthawi kosakwana sekondi kuti adziwe ngati adani akuthamanga ndi mpira kapena akuuponya. Ngati akuthamanga, atseke mpata wake ndi kugwetsa munthu. Ngati akuponya, abwerere m'mbuyo akalondere. Ndiye adaniwo ntchito yawo ndi kumunamiza: quarterback, amene amalandira mpira poyamba n'kuugawa, amaonetsa ngati wapereka mpira koma ali nawo yekha, wina amadutsa chothamanga kupita kumanzere pamene mpira ukupita kumanja. Linebacker wotengeka ndi chilichonse chimene chagwedezeka amakhala ngati pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, mapeto ake kugwa chagada.

N'chifukwa chiyani ku Penn State mkanganowu umatentha kuposa kwina? Chifukwa sukuluyi imadzitcha Linebacker U, kutanthauza yunivesite ya ma linebacker, ndipo dzinali silinangobwera. Jack Ham anachokera kumeneko n'kukatenga Super Bowl, chikho cha ligi yaikulu ya NFL, kanayi ndi Pittsburgh Steelers. Pa 2 Januwale 1987, mu Fiesta Bowl, Penn State inagonjetsa Miami 14-10 n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Usiku umenewo Vinny Testaverde, quarterback wa Miami, anaponyera adani mpira kasanu. Shane Conlan anawakha kawiri, ndipo womaliza, pafupi ndi mzere wa chigoli, anawakha Pete Giftopoulos, nayenso linebacker. LaVar Arrington analandira mphotho ya Butkus, ya linebacker wopambana onse m'makoleji, mu 1999, Paul Posluszny mu 2005. Kenako kunabwera Dan Connor, Sean Lee, NaVorro Bowman, Micah Parsons. Jezi ya nambala 11 inasanduka ngati mpando wa ufumu: anavala Arrington, Bowman, Parsons, kenako Abdul Carter. Sapota amene anakula akuona anthu amenewa, akaona mnyamata waphonya munthu pakati pa bwalo, amamva ngati manda a makolo anyozedwa.

Tsopano tibwere pa masewero a UCLA aja, pa 4 Okutobala 2025 ku Rose Bowl. Penn State inayamba chaka ili pa nambala 2 m'dziko lonse. UCLA inali itagonja masewero ake anayi oyamba, itachotsanso kochi wake. Komabe inapambana 42-37, ndipo quarterback wawo, Nico Iamaleava, anathamanga yekha mayadi 128 n'kulowetsa ma touchdown atatu, ndiye kuti kudutsa mzere wa chigoli ali ndi mpira, ndi miyendo yake. Ine ndinaonera pa TV, ndipo mawa lake ndinakhala pansi ndi kapu ya tiyi n'kumabweza kanemayo pang'onopang'ono, chala chili pa batani loimitsa. Chimene ndinkaona mobwerezabwereza ndi ichi: otchinga atembenuka, misana yawo yaloza kwa quarterback chifukwa aliyense akutsata munthu wake, akutsogolo athamangira m'mbali kufuna kumugwira, ndiye pakati patseguka msewu. Iamaleava akungokweza mutu, n'kuona udzu wokhawokha, n'kuliyatsa liwiro. Womaliza kuoneka pa kanema akuthamangira m'mbuyo mwake ndi linebacker, ndiye ndi amene masapota akumutukwana. Koma msewuwo anautsegula ndi anthu angapo, ndiponso amene anasankha kachitidwe kotchinga koteroko.

Pali zinthu zimene a gulu lanu lija ayenera kuziika pa sikelo asanagamule. Kobe King, amene ankaima pakati mu 2024, anapita ku NFL. Abdul Carter anali atasamutsidwa kale mu 2024 kuchoka pa linebacker kupita kutsogolo m'mbali, kumene anasewera bwino mpaka New York Giants inamusankha wachitatu pa chisankho cha osewera atsopano a NFL mu 2025. Ndipo Tony Rojas, amene anali waliwiro kuposa onse pagululo, anavulala sabata yomweyo ya UCLA. Munthu woyenera kuthamangitsa quarterback ngati Iamaleava anali iyeyo. Amene anatsala ndi Amare Campbell, amene anangofika kumene kuchokera ku North Carolina, ndi Dominic DeLuca, mnyamata wamtima amene analowa timuyi popanda sikolashipu n'kufika pokhala kaputeni, koma liwiro la Rojas alibe.

Chachikulu kwa ine, chimene anthu sakuchikamba mokwanira, ndi kusinthasintha kwa akuluakulu. Brent Pry anaphunzitsa ma linebacker kuyambira 2014 ndipo anatsogolera otchinga onse kuyambira 2016 mpaka 2021, kenako anapita ku Virginia Tech. Anabwera Manny Diaz, zaka ziwiri, n'kupita ku Duke. Anabwera Tom Allen, chaka chimodzi, n'kupita ku Clemson. Mu 2025 kunabwera Jim Knowles kuchokera ku Ohio State. Mnyamata amene analowa sukulu mu 2021 anali atamva zilankhulo zinayi pofika 2025. Ndikuti zilankhulo chifukwa kochi aliyense amabwera ndi mayina akeake a kachitidwe, malamulo ake a kumene maso ayang'ane, ndi amene atenge mpata uti adani akasuntha. Wakutsogolo angathe kupulumuka ndi mphamvu zake, wakumbuyo ndi liwiro lake. Linebacker ndiye womasulira wa onse. Kuyambira 2024 malamulo amalola wosewera mmodzi kukhala ndi wailesi m'chisoti, chokhala ndi kadontho kobiriwira, ndipo mawu a kochi amadulidwa kukatsala masekondi 15 pa nthawi imene adani apatsidwa yoyambitsira mpira. Kwa otchinga, kawirikawiri chisoti chimenechi amavala linebacker. Mawu akaduka, adani n'kusuntha, iye yekha ndiye aganize ndi kukuwira anzake khumi. Munthu amene akumasulirabe m'mutu mwake amachedwa ndi phazi limodzi, ndipo phazi limodzi pampira uwu ndi mayadi 20.

Fananizani ndi nthawi ya Ron Vanderlinden, amene anaphunzitsa ma linebacker a Penn State kuyambira 2001 mpaka 2013. Posluszny, Connor, Lee ndi Bowman onse anadutsa m'manja mwa munthu mmodzi, akumva mawu amodzimodzi chaka ndi chaka, wamkulu akuphunzitsa wamng'ono.

Knowles nayenso mbiri yake imaonetsa kuti kachitidwe kake kamafuna nthawi. Chaka chake choyamba ku Ohio State, mu 2022, Michigan inawakwapula 45-23 ndi ma touchdown ataliatali. Pofika nyengo ya 2024 otchinga ake omwewo anali patsogolo m'dziko lonse ndipo anatenga ukatswiri. Iye amakonda kuika ma linebacker awiri okha ndi anthu asanu kumbuyo, kutanthauza kuti awiriwo akulima munda umene kale ankalima atatu. Si iye yekha. Matimu ambiri a makoleji achita chimodzimodzi chifukwa adani masiku ano amamwaza owakha mpira bwalo lonse.

Ndiye kodi Dan Connor, amene anapatsidwa udindo wophunzitsa ma linebacker mu 2025, alibe mlandu? Ayi, sindikutero. Connor monga wosewera palibe womukayikira: anagwetsa anthu maulendo 419, kuposa wina aliyense m'mbiri ya sukuluyi, ndipo analandira mphotho ya Bednarik, ya wotchinga wopambana onse m'makoleji, mu 2007. Koma kudziwa kusewera ndi kudziwa kuphunzitsa ndi zinthu ziwiri, ndipo pali zinthu zimene zili pakhomo pake ndithu. Ngati mnyamata wafika pamalo oyenera koma wagwira ndi manja okha m'malo molowa ndi phewa n'kukulunga miyendo, imeneyo ndi ya kochi wake. Ngati akuthamangira kumene munthu ali m'malo mwa kumene akupita, imeneyonso ndi yake. Ngati wolowa m'malo mwa wovulala akuoneka ngati sanakonzekeretsedwe, kochi ayankhepo, pamodzi ndi amene amafunafuna osewera atsopano. Chimene ndikukana ndi kumusenzetsa mtolo wonse atangogwira ntchito miyezi yochepa. Akuluakulu a sukulu nawonso anaona kuti vuto ndi lokulirapo: atagonjanso kwa Northwestern 22-21 pa 11 Okutobala, amene anachotsedwa mawa lake ndi James Franklin, mkulu wa timu yonse.

Ndipo musaiwale kuti kulira kumeneku sikunayambe lero. Mu 2022 ku Ann Arbor, Michigan inathamanga mayadi 418 pa Penn State, n'kupambana 41-17, Blake Corum ndi Donovan Edwards akungodutsa pakati. Masapota anati ma linebacker atha ntchito. Chaka chotsatira, pansi pa Diaz yemweyo, otchinga a Penn State anali m'gulu la abwino kwambiri m'dziko, makamaka poletsa othamanga ndi mpira. Anyamata ambiri anali omwewo, atangokhala chaka chachiwiri akumva chilankhulo chimodzi.

Mukapitanso ku Beaver Stadium, achimwene, yesetsani kupeza mpando kuseri kwa zigoli, m'mwamba, ngakhale kumazizira mpaka zala kuuma. Kumeneko mipata ija imaoneka bwinobwino ngati mizere ya m'munda. Pa maulendo khumi okha amene mpira ukuyambitsidwa, siyani kuutsata. Yang'anani guard, mmodzi wa awiri oima pambali pa woyambitsa mpira, kenako linebacker amene ali patsogolo pake. Guard akadumphira kutsogolo, linebacker atsike. Akabwerera m'mbuyo ataimika msana, linebacker abwerere. Akazungulira kupita mbali ina, linebacker amutsate. Onani mapazi awiri oyamba. Ngati ali olondola koma chimphona cha adani chafika pa iye mosatsekerezedwa, funsani akutsogolo. Ngati onse awiri alowa mpata umodzi, funsani kochi wotsogolera otchinga onse ndi wovala kadontho kobiriwira. Ngati phazi loyamba lapita kolakwika, kapena wafika n'kuphonya, pamenepo funsani kochi wa ma linebacker. Muwerenge kuti lililonse mwa atatuwa lachitika kangati, ndipo mundilemberenso zimene mwapeza.