Wopempha ndalama za kampeni amafika bwanji pokhala mlangizi wa pulezidenti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene akumaliza maphunziro a zandale ku yunivesite. Mwachidule anati: "Ndimamva za alangizi a pulezidenti, koma sindinaonepo ntchitoyi ikulengezedwa m'nyuzipepala. Amalowera khomo liti? Aphunzitsi athu anati ku America ena amayambira kosonkhanitsa ndalama za kampeni. Ndi zoona?"

Achemwali, aphunzitsi anuwo sananame. Makomo alipo angapo. Ena amayamba ndi kulemba zoyankhula za bwana, ena ndi akadaulo a zachuma, ena anangophunzira naye limodzi. Koma khomo la ndalama ndi lachidule kwambiri, ndipo munthu amene moyo wake umalionetsa bwino ndi Rahm Emanuel wa ku Chicago.

Mkuluyu anabadwa mu 1959. Ali mnyamata ankavina gule wa ballet, osati zimene mungayembekezere kwa munthu amene pambuyo pake anatchuka ndi kutukwana pa foni. Mu 1984 anali m'gulu lothandiza Paul Simon kupambana mpando wa useneta ku Illinois, ndipo mu 1989 ndiye ankatsogolera zosonkhanitsa ndalama pamene Richard M. Daley ankapikisana pa umeya wa Chicago. Kumeneko ndi kumene mbiri inawanda yoti munthu akalonjeza kandalama kochepa, Emanuel ankamuuza kuti n'zochititsa manyazi, n'kudula foni. Ambiri ankaimbanso okha atawonjezera.

Chakumapeto kwa 1991 anapita ku Little Rock kukayang'anira thumba la kampeni ya Bill Clinton, amene nthawiyo anali bwanamkubwa chabe wa Arkansas. Apa mumvetse lamulo la nthawi imeneyo, chifukwa ndi limene linkapanga ntchitoyi kukhala yovuta. Munthu mmodzi sankaloledwa kupatsa wopikisana ndalama zoposa madola 1,000 pa chisankho chimodzi, ndipo aliyense wopereka zoposa madola 200 dzina lake linkapita ku bungwe la boma loyang'anira ndalama za kampeni la Federal Election Commission. Choncho sukanangodalira mpondamatiki mmodzi. Umafunika anthu masauzande, ndi anthu ena odziwa kukubweretsera anzawo makumi awiri pa chakudya chamadzulo. Wosunga mndandanda wa anthu amenewa amakhala ndi mphamvu yakeyake, yosadalira kumwetulira kwa bwana.

Emanuel anakakamiza Clinton kuti athere nthawi yambiri akupempha ndalama, pamene ena ankafuna kuti azikakhala ku New Hampshire kukopa ovota, popeza chigawochi n'chimodzi mwa zoyamba kuvota pa zisankho zachipulula za chipani. Kumayambiriro kwa 1992 nkhani ya Gennifer Flowers, mayi amene ankati anali pa chibwenzi ndi Clinton, inaphulika, kenako yoti Clinton anazemba kupita ku nkhondo ya ku Vietnam. Clinton anagwedezeka koma anali ndi ndalama zogulira nthawi pa wailesi yakanema n'kumadziyankhira yekha. Mnzake wopikisana naye, Paul Tsongas, anapambana ku New Hampshire koma anasiya mpikisano mu Malichi thumba litauma. Munthu ngati Emanuel amene wakupulumutsa chotere sumusiya panja polowa m'nyumba ya boma.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Mu 1993 Emanuel analowa ku White House monga woyang'anira zandale, ndipo patangopita miyezi yochepa anatsitsidwa pa udindowo. Ukali umene unkagwira ntchito pa foni unakwiyitsa anthu m'boma. Akulu anati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, koma sanati mfumuyo singamuthamangitse pakhonde. Mlangizi alibe ovota ake, alibe chitetezo cha wogwira ntchito m'boma wamba. Amakhalapo bwana akafuna.

Chimene chinamusunga n'choti anakana kuchoka, n'kutenga ntchito yolemetsa. Pamodzi ndi William Daley anagwira ntchito yosaka mavoti a aphungu kuti pangano la malonda la NAFTA, la pakati pa America, Canada ndi Mexico, lidutse, ndipo mu Novembala 1993 linadutsa m'nyumba ya aphungu ndi mavoti 234 kwa 200. Mukaonetsetsa ndi luso lomwe lija: kudziwa amene akufuna chiyani, amene akuopa chiyani, ndi kuimba foni kachisanu osachita manyazi. Kale ankawerenga madola, tsopano ankawerenga aphungu. Anakhala mlangizi wamkulu wa Clinton mpaka 1998.

Zotsatira zake ndi zimene ine zimandisowetsa mtendere. Atachoka m'boma analowa kampani ya zachuma ya Wasserstein Perella, ngakhale sanaphunzire za mabanki, ndipo m'zaka ziwiri ndi theka anapeza madola oposa 16 miliyoni. Palibe lamulo limene anaphwanya. Koma kampaniyo inkagula chiyani, ngati si mayina ndi manambala a foni aja? Kupatsa n'kuika. Amene anapereka dzulo amadziwa khomo logogoda mawa, ndipo mlangizi amene anawapempha sangawayankhe ngati alendo.

Kuchokera apo ulendo wake unathamanga. Anasankhidwa kukhala phungu mu 2002, anatsogolera kampeni imene inabwezera chipani cha Democratic ulamuliro wa nyumba ya aphungu mu 2006, anakhala mkulu wa ogwira ntchito mu ofesi ya Barack Obama kuyambira 2009 mpaka 2010, meya wa Chicago kuyambira 2011 mpaka 2019, kenako kazembe ku Japan.

Simunanene, koma ndikuganiza kuti mukufunsira za kuno kwathu. Kusiyana kwakukulu n'koti ku America mayina a opereka amatha kuwerengedwa ndi aliyense, n'chifukwa chake nkhani ya Emanuel tikutha kuitsata chonchi. Ku Malawi lamulo la zipani la 2018 limati chipani chiziulula mphatso zikuluzikulu kwa mlembi wa zipani, komanso limaletsa kugawa ndalama kwa ovota. Mwaonapo kangati mndandanda wotere? Wosonkhanitsa ndalama kuno nthawi zambiri amanyamula chikwama chopanda lisiti, ndipo zikavuta dzina lotchulidwa limakhala lake.

Ngati mukufunabe, yambirani pa kampeni ya khansala kapena phungu wa kwanu. Pemphani kuti muzisunga buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo aliyense wobweretsa envelopu azisaina, ngakhale akhale malume ake a bwanayo.