Kodi chiombankhanga ndi dzina lenileni kapena nthabwala?

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti mwana wawo anabwera ndi buku la mbalame lochokera kusukulu, lodzaza maina a Chingerezi, ndipo iwo atamuuza kuti kwathu mbalame ina timaitcha chiombankhanga, mwanayo anaseka mpaka misozi. Funso lawo ndi lakuti: kodi maina oterewa ndi enieni, kapena ndi nthabwala za agogo zimene siziyenera kuphunzitsidwa kwa ana?

Mayi, ndi enieni, ndipo muphunzitseni mwanayo osachita manyazi. Limveni bwino dzinalo: chi-omba-nkhanga. Amene analipereka anaona ndi maso ake chimbalamecho chikutsika ngati mwala n'kuomba nkhanga patchire. Dzinalo lanena kale chimene chimadya ndi mmene chimagwirira. Ngakhale omasulira Baibulo m'Chichewa analigwiritsa ntchito. Gogomole naye dzina lake ndi phokoso lake, go go go pa thunthu louma pamene akufuna mphutsi.

Koma amene ndimamukonda ine ndi nantchengwa. Tili ana ankatiopseza kuti akakulilira pamutu kapena kukudutsa panjira ndiye malodza, ndipo chisa chake sitinkayerekeza kuchigenda. Nditakula ndinazindikira chimene chinkaopsa akulu. Mbalame yosaposa nkhuku imamanga chisa chotambalala pafupifupi mita imodzi ndi theka, chofolera pamwamba, khomo laling'ono lili cham'munsi, cholimba moti munthu wamkulu akhoza kuimapo. Ndiye nantchengwa akachisiya, nthawi zina kadzidzi amalowamo. Tangoganizani: usiku mukumva kadzidzi akulira kuchokera m'chinyumba cha mitengo chimene simunaone munthu akumanga! Kumene muli inuko amamutcha hamerkop, mawu a Chiafrikaans otanthauza mutu wa hamala. Mwaonatu, nawonso dzina lawo la m'bukulo linayamba ndi munthu amene anayang'ana mutu wa mbalame n'kuseka.

Maina osinjirira aliponso, ndipo amasiyana mudzi ndi mudzi. Kwathu khwangwala tinkamutcha abusa chifukwa cha kolala yoyera ija, ndipo akatera pamsika tinkati abwera kudzatolera chopereka. Komabe akulu ankamulemekeza: khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Kakowa tinkati ndi m'busa wa ng'ombe wosalipidwa, ngakhale chimene amatsata kwenikweni ndi ziwala zimene ng'ombe zimavumbulutsa poyenda.

Pali vuto limodzi limene ndisakubisireni. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo maina athu sagwirizana limodzi ndi limodzi ndi a m'buku. Mpheta ndi timbalame tamitundu ingapo, timba chimodzimodzi. Zimenezi sizichepetsa mainawo. Timba sachepa ndi mazira ake. Zimandipweteka kuti maina osowa akupita ndi agogo athu, pamene asodzi ndi osaka mbalame ku Nyanja ya Chilwa akadali nawo ambiri osalembedwa.

Choncho tengani pensulo, mulembe dzina la Chichewa pansi pa chithunzi chilichonse chimene mukuchidziwa. Yambirani pa nkhwazi, imene ili pa mbendera ya Zambia ndi pa chizindikiro cha boma la Malawi. Zimene zakukanikani, zijambuleni mutumize pa WhatsApp kwa agogo a mwanayo kumudzi, ndipo muwapemphe ayankhe ndi mawu, kuti mdzukulu amve ndi kaliridwe komwe.